Ndiike zingati mu mabondi? Ndatsala ndi zaka 8 kuti ndipume pa ntchito

Watsala Zaka 8

Moni nonse. Ndakhala nthawi yaitali ndikungowerenga mwakachetechete, koma lero ndati nditulutse zomwe zikundisowetsa tulo, paja safunsa anadya phula.

Ndili ndi zaka 52 ndipo ndikufuna kupuma pa ntchito ndikakwanitsa 60. Kwa zaka 19 ndakhala ndikupatula kangachepe mwezi ndi mwezi n'kumagula masheya, kudzera m'thumba lomwe limagula masheya a makampani ambirimbiri nthawi imodzi. Zonse zimene ndinasunga zili mmenemo, kupatula ndalama za miyezi inayi zomwe zili ku banki poopa zadzidzidzi. Bondi sindinagulepo ngakhale imodzi.

Sabata yatha mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Masheyawa atagwa chaka chomwe mwana akuyamba ku yunivesite, fizi mudzaitenga kuti?" Ndinangoti kukamwa yasa. Mwanayo watsala ndi zaka 3 kuti ayambe, ndipo maphunziro ake ndi a zaka 4.

Ndiye pa ndalama 100 zilizonse, zoyenera kupita ku mabondi ndi zingati? Ena amati 20, ena 40, ena akuti nambala yake ndi zaka zanga zakubadwa. Ndithandizeni abale.

Mnyamata wa Masheya

Abambo, musalole mantha akulandeni zomwe mwamanga zaka 19. Pa nthawi yaitali masheya ndi amene amabereka kuposa mabondi, zimenezo palibe amatsutsa. Warren Buffett, katswiri wa masheya wolemera kwambiri wa ku America, m'kalata yake ya chaka cha 2013 yopita kwa eni masheya a kampani yomwe ankaitsogolera ya Berkshire Hathaway, ananena kuti ndalama zomwe adzasiyire mkazi wake ziikidwe 90 peresenti m'thumba la S&P 500 (masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America), ndipo 10 peresenti yokha mu mabondi a boma a nthawi yochepa. Ngati iyeyo akuti 10, ife tikufuniranji 50? Komanso zaka 60 si mapeto. Mutha kukhala ndi moyo mpaka 85 kapena 90, ndipo ndalamazo ziyenera kumakulabe nthawi yonseyo.

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wanga wa Masheya, mfundo yako yomalizayo ndi yoona, ndipo tisaitaye. Koma za Buffett zisiye. Mkazi wa munthu ameneyo, ngakhale masheya atagwa ndi theka, 10 peresenti yakeyo angadye moyo wake wonse osaimaliza. Ife 10 peresenti yathu singatifikitse ngakhale zaka ziwiri.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Ndinapuma pa ntchito kumapeto kwa 2007, ndalama zanga pafupifupi zonse zili m'masheya. Ndinkadziona ngati wolimba mtima. Chaka cha 2008 S&P 500 inagwa ndi 37 peresenti, ndipo kuchokera pamwamba pake mu Okutobala 2007 kufika pansi mu Malichi 2009 mitengo inatsika kuposa theka. Kunalibe kothawira, misika ya masheya ya dziko lonse lapansi inagwera pamodzi. Ine malipiro anali atasiya kubwera. Mwezi uliwonse ndinkagulitsa masheya kuti tidye, ndipo mwezi uliwonse ndinkagulitsa ambiri kuposa mwezi wapitawo kuti ndipeze ndalama yomweyo. Ndimakumbukira usiku wina ndili pa tebulo ndi kope ndi pensulo, ndikuchotsera ndi kugawa, mayi akunamizira kugona kuti ndisadziwe kuti akundiona. Mu Febuluwale 2009 mtima unalephera kupirira, ndinagulitsa theka la zotsalazo. Patangotha milungu yochepa msika unayamba kukwera, ine ndili kunja.

Msika unachira, koma masheya omwe ndinagulitsa pa mtengo wolira aja sanabwerere. Chaka chomwecho cha 2008 mabondi a boma la America anakwera mtengo. Ndikanakhala ndi chakudya cha zaka zisanu mu mabondi, sindikanakhudza sheya ngakhale imodzi.

Achimwene a Zaka 8, inu muli pamalo pomwe ine ndinali. Musadikire kuphunzira monga ndinaphunzirira ine.

Namwino wa Usiku

Pepani ndilowerere, ndine watsopano pa zinthuzi. Bondi kwenikweni ndi chiyani? Ndimamva kuti ndi yotetezeka, koma sindidziwa kuti munthu amakhala wagula chiyani.

Mayi Wowerengera

Achemwali, mwafunsa bwino. Sheya ndi umwini, bondi ndi ngongole. Mukagula sheya mwakhala mmodzi wa eni kampani, ikapindula mwapindula, ikaluza mwaluza, ndipo palibe amene wakulonjezani kanthu. Mukagula bondi mwabwereketsa ndalama kwa boma kapena kampani. Iwo alonjeza kukupatsani chiwongoladzanja chodziwika pa nthawi zodziwika, kawirikawiri kawiri pa chaka, ndipo tsiku lomwe munagwirizana likafika akubwezerani ndalama yanu yonse. Kampani ikagwa, eni mabondi amalipidwa eni masheya asanaone kalikonse.

Tsopano kwa abambo a Zaka 8. Sindikupatsani nambala ndisanamve zinthu zitatu. Kodi kuntchito kwanu mudzalandira penshoni ya mwezi ndi mwezi, ndipo idzakwana gawo lanji la zomwe mumagwiritsa ntchito pakhomo? Muli ndi ngongole? Nanga mu Malichi 2020, masheya atagwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu m'milungu isanu yokha, munatani? Funso lachitatuli mundiyankhe moona, osati zomwe mukanakonda kuti munachita.

Watsala Zaka 8

Zikomo amayi. Penshoni ilipo, ndikawerengera idzakwana pafupifupi theka la zofunika pakhomo. Ngongole ndili nayo ya galimoto, yatsala chaka ndi theka. Za 2020 sindinagulitse, koma ndinatsegula tsamba logulitsira katatu konse, ndipo tsiku lina ndinalemba kale nambala, chala chili pa batani. Anandiletsa ndi mayi a kunyumba. Pa nthawiyo malipiro ankabwera, ndiye ndinkadzilimbitsa mtima kuti sitigona ndi njala. Popanda malipiro sindikudziwa ngati ndikanapirira.

Mayi Wowerengera

Yankho limeneli ndi lamtengo wapatali kuposa chiwerengero chilichonse chomwe tingakupatseni. Ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Funso loti "peresenti ingati" ndimaliona kuti limayambira kumchira. Yambani ndi kalendala. Tengani pepala, lembani chaka ndi chaka kuyambira lero, ndipo pa chaka chilichonse lembani ndalama yomwe mudzafunike kutapa m'nkhokweyi. Zaka ziwiri zikubwerazi simutapamo. Chaka chachitatu mpaka chachisanu ndi chimodzi ndi fizi. Kenako zaka ziwiri zopumira. Kuyambira chaka chachisanu ndi chinayi, theka la zofunika pakhomo chaka chilichonse, popeza theka linalo ndi la penshoni.

Ndalama ya fizi ili ndi tsiku lake. Yunivesite sidzamva zoti msika wagwa, dikirani uchire. Ndalama yotere siyenera kukhala m'masheya, ngakhale munthu ali ndi zaka 30. Imeneyo yonse ipite ku mabondi, ndipo mugule oti tsiku lawo lobweza likugwirizana ndi tsiku lolipira: ina yotha pa zaka 3, ina 4, ina 5, ina 6. Akatswiri amati makwerero, chifukwa chaka chilichonse mumaponda sitepe imodzi, bondi imodzi yatha, ndalama yabwera, fizi yalipidwa.

Kenako zaka zoyamba za kupuma. Zomwe afotokoza a Mphunzitsi ndiye ngozi yaikulu ya munthu wongopuma kumene: kugwa kwa msika kukakumana ndi nthawi yomwe wayamba kutapa. Munthu amene akugulabe, kugwa kwa mitengo kumamuthandiza, amagula motchipa. Amene akugulitsa kumamupha. Ndiye pofika tsiku lopuma, mukhale ndi ndalama yodzaziritsa penshoni ya zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri ili mu mabondi. Simukuyenera kuisamutsa yonse lero, muli ndi zaka 8 zoti muchite pang'onopang'ono.

Tiyerekeze nkhokwe yanu ndi 1,000. Fizi ya zaka zinayi ndi 120. Chodzaziritsa penshoni ndi 40 pa chaka, zaka zisanu ndi chimodzi ndi 240. Pamodzi 360. Ndiye kuti 36 peresenti. Munthu wina wa zaka 52 yemweyo, wopanda mwana wa sukulu ndiponso penshoni yake yokwana zonse, angapeze 10. Wina wopanda penshoni n'komwe angapeze 60. Zaka zakubadwa ndi zofanana, koma manambala atalikirana chonchi.

Mukapeza nambala yanu, iyeseni ndi mtima wanu. Yerekezani kuti masheya agwa ndi theka. Ngati muli ndi 30 mu mabondi, nkhokwe yonse yatsika ndi 35 peresenti. Ngati muli ndi 40, yatsika ndi 30. Ngati muli ndi 60, yatsika ndi 20. Musaiganize mu peresenti, ilembeni ndalama yeniyeniyo pa pepala, muionetsenso kwa mayi a kunyumba. Ngati nambalayo ingakubwezereni chala pa batani lija, onjezerani mabondi.

Mnyamata wa Masheya

Amayi, ndamva ndipo za fizi ndavomera. Koma mukuyankhula ngati mabondi sagwa. Nanga 2022? Masheya a S&P 500 anagwa ndi 18 peresenti, ndipo mabondi a ku America onse pamodzi anagwa ndi 13 peresenti chaka chomwecho. Amene anathawira ku mabondi kuti abisale mvula anapeza denga likudontha. Chitetezo chake chili pati?

Mayi Wowerengera

Achimwene, mwagunda penipeni, ndipo aliyense wofuna kugula bondi ayenera kumvetsa chomwe chinachitika chaka chimenecho.

Mtengo wa bondi ndi chiwongoladzanja cha pamsika zili ngati anthu awiri pa thabwa la katungwe, wina akakwera wina amatsika. Tinene kuti mwagula bondi ya 1,000 yopereka 5 peresenti pa chaka. Mawa lake mabondi atsopano ayamba kupereka 7. Ndani angagule yanu ya 5 pa mtengo wa 1,000 pomwe pafupi pomwepo pali ya 7? Muyenera kutsitsa. Kutsitsa kwake kumadalira zaka zomwe zatsala. Ngati zatsala 2, mtengo ufika cha m'ma 964. Ngati zatsala 10, cha m'ma 860. Ngati zatsala 30, cha m'ma 752. Bondi yake ndi yomweyo, wobwereka ndi yemweyo, chasiyana ndi kutalika kwa nthawi basi.

Mu 2022 mitengo ya zinthu ku America inakwera kufika 9.1 peresenti mu Juni, ndipo Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi 0 mu Malichi 2022 mpaka kupitirira 5 peresenti pofika Julaye 2023. Mabondi omwe anagulidwa nthawi ya chiwongoladzanja chotsika anagwa, ndipo aatali ndi amene anagwa kwambiri. Ngakhale Silicon Valley Bank, banki ya ku America yomwe inatsekedwa mu Malichi 2023, inakodwa mumsampha womwewu. Inali ndi mabondi aatali ochuluka, anthu atabwera kudzatenga ndalama zawo inakakamizika kugulitsa moluza.

Koma taonani chinthu ichi. Munthu amene anagula bondi ya boma ya zaka 3 n'kuisunga mpaka tsiku lake analandira 1,000 yake yonse ndi chiwongoladzanja chomwe analonjezedwa. Kutsika kunali pa pepala pokha. Sheya ilibe tsiku lotere. Ndiye chifukwa chake ndanena kuti tsiku la bondi ligwirizane ndi tsiku la fizi. Abambowa akagula bondi ya zaka 20 kuti alipire fizi ya zaka zitatu zikubwerazi, pamenepo ndiye kuti adziika okha pa ngozi yomwe mukunenayo.

Nkhalakale

Ndakhala ndikuwerenga, ndipo ndikuona kuti nkhani yonse ikuyenda ngati aliyense amagula mabondi a America. Ambiri aife timagula a boma la dziko lomwe tikukhala, mu ndalama ya dzikolo. Pamenepo mdani wamkulu ndi wina: kukwera mitengo kwa zinthu.

Ine ndinagulapo bondi yopereka 12 peresenti, ndinasangalala kwambiri. Chaka chimenecho zinthu zinakwera ndi 15. Pa 1,000 ndinalandira 1,120, koma zomwe ndalamayo inkagula zinali zochepa kuposa zomwe 1,000 inkagula poyamba, mphamvu yake inali ngati 974. Ndiye musanachotse msonkho, chifukwa m'maiko ambiri chiwongoladzanja amachidula msonkho. Palibe amene anandibera, boma linandilipira pa tsiku lake, koma ndinasauka ndithu. Ndipo zimenezi sizimveka kuwawa ngati kugwa kwa masheya, chifukwa nambala ya pa pepala imakhala ikukula. Zinthu zikamakwera ndi 6 peresenti yokha pa chaka, pa zaka 12 ndalama yanu yatsala ndi theka la mphamvu yake.

Ndiye musayang'ane nambala yomwe yalembedwa pa bondi. Chotsanipo kukwera kwa mitengo, chotsanipo msonkho, chotsalacho ndiye phindu lanu. Ndipo apa ndikugwirizana ndi mnyamata uja: munthu woti akhala zaka 25 kapena 30 atapuma sangaike zonse mu mabondi.

Namwino wa Usiku

Agogo a Nkhalakale, ndiye palibe bondi yomwe imatsatira mitengo ya zinthu?

Nkhalakale

Ilipo mwana wanga, koma si m'maiko onse. Britain inayamba kugulitsa yotere mu 1981, America mu 1997, kumeneko amaitcha TIPS. Ndalama yomwe munabwereketsa imakwezedwa motsatira mitengo ya zinthu, ndiye mphamvu yake siitha. Ngati kwanu iliko, ndi yabwino kwambiri pa ndalama yodzadya mutapuma. Ngati kulibe, njira yomwe ndimatsata ine ndi kugula mabondi aafupi, kuti akatha ndigule atsopano pa chiwongoladzanja cha nthawi imeneyo.

Wa ku Ofesi ya Ngongole

Pali chinthu chomwe chadutsidwa mwachangu. Abambo mwati muli ndi ngongole ya galimoto. Chiwongoladzanja chake ndi chingati? Ngati mukulipira 14 pa ngongole n'kumagula bondi yopereka 9, ndiye kuti mukutunga madzi ndi dengu. Kubweza ngongole ndi phindu lotsimikizika, lopanda msonkho, loposa bondi iliyonse yotetezeka. Ingofunsani kaye ngati pali chilango chobwezera msanga.

Chachiwiri, tisamanene kuti boma silingalephere kubweza. Russia inalephera pa ngongole ya mu ndalama yake yomwe mu 1998. Argentina inalephera mu 2001. Greece mu 2012 inadula 53.5 peresenti pa ndalama yomwe eni mabondi ankayembekezera. Ghana mu Disembala 2022 inauza eni mabondi a m'dziko momwemo kuti asinthe ndi atsopano, aatali komanso a chiwongoladzanja chotsika, ndipo anthu opuma pa ntchito anachita kukaima pa unduna wa zachuma ku Accra kudandaula. Bondi ndi lonjezo, ndipo lonjezo limalimba monga mwini wake alili.

Mukaona bondi ikupereka zambiri kuposa anzake, dziwani kuti msika ukukayikira wobwerekayo. Chikomekome cha nkuyu. Mabondi a makampani ofooka amagwa nthawi yomweyo imene masheya akugwa, ndiye ntchito yomwe mukuwagulira, yokugwirani pa tsiku loipa, sangaigwire. Gawo lotetezeka likhale lotetezekadi. Mukafuna phindu lalikulu, lifuneni ku mbali ya masheya.

Watsala Zaka 8

Ngongoleyo chiwongoladzanja chake chikuposa cha mabondi omwe ndaona. Sindinaganizeko n'komwe kuziika pa sikelo imodzi. Zikomo kwambiri.

Koma nanga lamulo lija loti zaka zako ndiye peresenti ya mabondi? Linachokera kuti? Kwa ine likutanthauza 52, ndipo ndikuona ngati zachuluka.

Mphunzitsi Wopuma

Amene analitchukitsa kwambiri ndi John Bogle, yemwe anayambitsa Vanguard, kampani ya ku America yoyendetsa matumba a masheya ndi mabondi, mu 1975. Iyenso ankati ndi poyambira chabe, ndipo ankalangiza kuti penshoni ya boma muiwerengere ngati mbali ya mabondi. Mfundo imeneyo ikukukhudzani achimwene. Penshoni yanu yokwana theka la zofunika pakhomo ikugwira kale ntchito ya bondi yaikulu, imabwera mwezi ndi mwezi msika ugwe usagwe. N'chifukwa chake 52 ikuoneka yochuluka kwa inu, ndipo mwina ndi yochulukadi.

Benjamin Graham, amene anaphunzitsa Buffett ku yunivesite ya Columbia, ankati munthu wamba asatsike pa 25 peresenti ndiponso asapitirire 75, kaya ndi ku masheya kaya ndi ku mabondi, ndipo wosadziwa pogwira aime pa theka ndi theka. Malire amenewa ndimawakonda chifukwa amavomereza kuti za mawa sitizidziwa. William Bengen, mlangizi wa zachuma wa ku America, mu 1994 anafufuza mbiri ya misika ya America kuti aone ndalama yomwe wopuma angamatape chaka ndi chaka kwa zaka 30 osaimaliza. Anapeza pafupifupi 4 peresenti, koma ndi masheya a pakati pa 50 ndi 75 peresenti. Ndiye kuti mabondi 25 mpaka 50. Anthu osiyana, njira zosiyana, koma onse akuzungulira dera limodzi. Nambala ya 36 yomwe apeza amayi aja ili mkati momwemo.

Funsani chinthu chimodzi za penshoni yanuyo: kodi imakwezedwa zinthu zikakwera mtengo? Ngati ayi, theka la lero litha kudzakhala kotala mukamadzafika zaka 75.

Mnyamata wa Masheya

Chabwino akuluakulu, ndagonja pa nkhani ya abambowa. Koma ine ndili ndi zaka 27, ndalama zanga sindizikhudza zaka 30 zikubwerazi. Musandiuze kuti nanenso ndigule mabondi.

Mayi Wowerengera

Inu mutha kukhala ndi ochepa kwambiri, ngakhale 10, chifukwa chuma chanu chachikulu ndi malipiro a zaka 30 omwe simunalandire. Koma mawu oti masheya amachira nthawi zonse muwagwire mosamala. Nikkei, nambala yoyezera mitengo ya masheya a ku Japan, inafika pa 38,915 kumapeto kwa Disembala 1989, ndipo inadzadutsanso pamenepo mu Febuluwale 2024. Zaka 34. Munthu amene anali ndi zaka 27 nthawi imeneyo anali atakwanitsa 61. N'chifukwa chake masheya anu asakhale a dziko limodzi.

Ndipo 10 ameneyo ali ndi ntchito ina. Msika ukagwa mumakhala ndi chogulitsa kuti mugule masheya otchipa. Komanso simunayesedwebe, achimwene. Kugwa kwa theka pa ndalama ya miyezi itatu n'kosiyana ndi kugwa kwa theka pa thukuta la zaka 19.

Namwino wa Usiku

Funso lina laling'ono. Kugula bondi imodziimodzi ndi kugula thumba la mabondi, chabwino ndi chiti? Ine ndalama zanga ndi zochepa.

Wa ku Ofesi ya Ngongole

Pa ndalama zochepa thumba ndi losavuta, chifukwa mabondi ambiri ali ndi mlingo woyambira, ndipo thumba limakugawirani kwa obwereka ambiri. Koma thumba wamba lilibe tsiku lotha, oyendetsa amangogula atsopano akale akatha, ndiye palibe tsiku lomwe mwalonjezedwa kulandira 1,000 yanu. Pa ndalama ya tsiku lodziwika ngati fizi, bondi yeniyeni ya boma ndiyo yoyenera. Pa ndalama yongokhala kuti nkhokwe isamagwedezeke kwambiri, thumba ndi lokwanira.

Mukamasankha thumba funsani ziwiri. Mabondi ake ndi aatali bwanji? Pa pepala lawo pamakhala nambala yotchedwa duration. Ikakhala 6, ndiye kuti chiwongoladzanja chikakwera ndi 1 peresenti thumbalo litsika ndi pafupifupi 6 peresenti. Chachiwiri, amadula zingati pa chaka? Ndinalowapo m'thumba lina lomwe linkadula 2 peresenti pomwe mabondi ake ankabereka 6. Ndinazindikira patatha zaka zitatu kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu langa linkatsala kwa iwo. Zinalembedwa ndithu, pa tsamba lakumapeto, m'timalemba ting'onoting'ono, ine ndi amene sindinawerenge.

Nkhalakale

Ndiwonjezere chimodzi kwa abambo a Zaka 8. Mukasankha nambala yanu muilembe pa pepala pamodzi ndi chifukwa chake, musaine nonse awiri ndi mayi a kunyumba. Padzabwera chaka chomwe masheya adzakwera ndi 25 peresenti mabondi anu atabereka kachepe, ndipo mudzamva ngati munapusa. Padzabweranso chaka chomwe mudzafuna kuthawira ku mabondi ndi zonse. Masiku awiri onsewo pepalalo lidzakuthandizani. Ine ndimayang'ana kamodzi pa chaka, mwezi womwewo. Mbali imodzi ikapitirira ndi 5 peresenti, ndimatapako n'kubwezera ku inayo. Miyezi ina yonse sinditsegula n'komwe.

Watsala Zaka 8

Abale, usiku wathawu tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, kalendala ndi kope pa tebulo, monga anatiuzira a Mayi Wowerengera. Tinamaliza mochedwa. Fizi ya zaka zinayi yatuluka 14 peresenti ya nkhokwe yonse, titaikapo kena poganizira kuti fizi imakwera. Chodzaziritsa penshoni cha zaka zisanu ndi chimodzi chatuluka 25. Pamodzi 39.

Tinayesanso zija za kugwa ndi theka. Nditalemba ndalama yeniyeni yomwe ingasowe pa 39, ndinakhala chete kwa kanthawi, koma ndinaona kuti ndingapirire podziwa kuti fizi ndi chakudya cha zaka zisanu ndi chimodzi sizikhudzidwa. Mayi anati iwo akanakonda 45. Tagwirizana pa 40.

Tayala motere. Mwezi uno ndimaliza ngongole ya galimoto, ndafunsa ndipo chilango palibe. Ya fizi ndiisamutsa yonse tsopano, mabondi anayi a boma, a zaka 3, 4, 5 ndi 6. Yotsalayo ndizisamutsa pafupifupi 3 peresenti chaka chilichonse mpaka ndipume, ndipo zomwe ndimapatula pa malipiro ziyamba kupita kumeneko m'malo mogula masheya ena. Za penshoni ndalembera a ku ofesi kufunsa ngati imakwezedwa, ndikudikira yankho.

Mayi Wowerengera

Mwayala bwino. Musanagulitse masheya a fiziwo, fufuzani msonkho wa pa phindu, chifukwa masheya a zaka 19 akwera kwambiri ndipo m'maiko ena kugulitsa zambiri chaka chimodzi kumakweza msonkho. Ngati zili choncho kwanu, gawani pawiri, theka chaka cha msonkho chino, theka chikangoyamba chinacho. Ndipo bondi iliyonse ithe mwezi umodzi kapena iwiri fizi isanafunike, osati pambuyo pake.

A ku ofesi akayankha kuti penshoni siikwezedwa, mubwerenso tidzawerengere limodzi, chifukwa 25 uja adzafunika kusintha.

Watsala Zaka 8

Ndibwera nalo yankholo likangofika. A Mphunzitsi, nkhani yanu ya kope ndi pensulo ndinawawerengera mayi mokweza. Ndi imene inatikhazika pa tebulo.

Mphunzitsi Wopuma

Ndathokoza achimwene, muwapatse moni mayiwo. Funso lomwe anakufunsani lija, anga anandifunsanso mu 2007, ine sindinawamvere.